Mpira Wochedwa Kugwa

1.
Kuno thukuta siligwa msanga. Limachoka pamphumi pa mwana n'kumatsika pang'onopang'ono ngati likuyamba laganiza kaye, ndipo amene akuthamanga pambuyo amalilandira kukamwa. Ine Elube Nankhoma, wochapa zovala za anthu okumba madzi oundana pa Mwezi, ndakhala pabenchi kuonera mwana wanga Zione akusewera mpira wamanja, nsalu ili pamphuno.

Nyansi.

2.
Chombo chopita ku Dziko chinyamuka Loweruka. Ndinalembetsa mipando iwiri, wanga ndi wa Zione. Koma Zione anabadwira konkuno zaka khumi ndi zisanu zapitazo, ndipo dokotala Chimphamba ati amuyese kaye thupi Lachinayi. Akalephera, sakwera.

3.
Zonyansa pabwalo la pa Mwezi:
malovu, amene ukalavula amakagwera kugolo kwa adani;
golo, limene analikweza mpaka kudenga chifukwa ana ankalidumpha;
mpira, umene ukauponya monga kwathu umapita kutali kasanu ndi kamodzi;
fungo la masokosi, poti mpweya ndi womwewo, amangousefa n'kutibwezera;
fumbi lotuwa, losamera kanthu, lonunkha ngati machesi ozima.

4.
Zaka khumi zapitazo ndinayesako ndekha kusewera. Mai Fanesi a kukhitchini ndiwo ankaimbira. Ndinadumpha, ndinaugwira mpira, wezulo inalira ndikadali m'malere.

Wakhalitsa nawo, make Zione.
Ndakhalitsa bwanji ndisanatere n'komwe?
Lamulo ndi masekondi atatu. Iwe wakhala m'mwamba anayi.
Ndiye nditani, ndidzikokere pansi ndekha?
Uchepetse kupemphera, mwali, kukukweza kwambiri.

Anaseka onse. Ndinavula bibu ya osewera, sindinavalenso.

Si mpira uwu.

5.
Kwathu ku Nsipe bwalo linali kuseri kwa tchalitchi ndipo Loweruka tikamaliza kwaya tinkamanga zitenje m'chiuno n'kulowa opanda nsapato, ukadumpha dothi limakuitana pomwepo, chidendene chimamenya pansi ululu n'kukwera mpaka m'mano, fumbi lofiira n'kukulowa m'maso, mphepo yochokera kuphiri n'kuukhotetsa mpira moti wochinya ankayamba wamvera kaye mphepo patsaya, ndipo thukuta limagwa pamene unayima n'kudetsa nthaka, nthaka n'kulimwa, pakuti amene anatiumba ndi dothi analipatsanso dothilo mphamvu yotikoka kuti tisaiwale kumene tinachokera ndi kumene adzatigoneke, ndipo ine ndinkafuna mwana wanga amve zimenezo kamodzi kokha m'mapazi mwake

6.
Ine Zione. Kudumpha sikuvuta. Umanyamuka, umawerenga mumtima, kamodzi, kawiri, usanafike katatu wauponya kale, kenako umatsika uku ukuona ngati walowa. Nthawi zambiri umalowa. Anzanga amandikweza ndi dzanja limodzi.

Ndikayang'ana pabenchi, amayi atseka mphuno.

Amati miyendo yanga ili ngati bango. Bango sindinalionepo. Amati ndine wamtali ngati sindinadye. Ndimadya. Akamati nyansi amakhala akuyang'ana mbali imene ndili.

7.
Lachinayi. Kuchipatala kuli chipinda chimene chimazungulira, ndipo chikathamanga chimamukanikiza munthu pansi mpaka thupi lake lilemere monga limalemerera ku Dziko. Mtsikana ayenera kuimamo mphindi khumi. Analowa awiri, iye ndi amake. Dokotala anatsala panja, akulankhula pachitsulo cha pakhoma.

Mphindi yoyamba. Zione anagwira mawondo.
Mphindi yachiwiri. Dokotala anati, ponyeranani mpirawo.
Zione anauponya. Unagwa pafupi ndi zala zake, phi.

Amayi, wawonongeka mpirawu.
Ndi mmene umagwera kwathu, mwanawe.
Nthawi zonse?
Nthawi zonse.
Ndiye mumasewera bwanji? Masaya anga akugwa, amayi. Wina wandikhalira pachifuwa.
Limba. Zatsala mphindi zisanu ndi zitatu.

Elube anamva zidendene zake zikuluma pansi ndipo anatsinzina, pakuti zinali zokoma. Anakhala chitsinzinire mpaka anamva kugwa. Mwana anali chapambali, milomo yatuwa, akusanza. Masanzi sanachedwe m'malere. Anagwa pomwepo, monga kwathu.

8.
Dokotala anati, Mayi Nankhoma, mtima wake ndi wakuno, mafupa ake ndi akuno. Ku Dziko angathyoke potsika pabedi.
Akakula pang'ono?
Ayi.
Akamabwera muno tsiku ndi tsiku?
Mayi, ndakuuzani. Inuyo mukhoza kupita, mpando wanu ulipo.

9.
Zimene ndinachapa masana amenewo:
malaya makumi atatu a okumba;
mabibu asanu ndi awiri;
nsalu yapansi ya chipinda chija.

Ndinayesa kuimba nyimbo yamadzulo imene tinkaimba ku Nsipe. Mawu anakana kutuluka.

10.
Pitani, amayi.
Gona, miyendo ikupweteka.
Pitani. Kuno zonse zimakunyansani. Mpweya, fumbi, mpira. Ndi ine ndemwe.
Wati chiyani?
Ndimakuonani pabenchi. Si mpira uwu, si mpira uwu. Ndiye amene akusewerayo ndi chiyani?

11.
Zione, tembenuka undiyang'ane.

Tsiku limene ankatilemba ntchito yakuno anatipatsa pepala la mafunso. Chifuwa chachikulu, ayi. Khunyu, ayi. Kenako linafunsa ngati ndili ndi pakati. Unali ndi milungu isanu m'mimba mwanga, makina awo sanakuone, koma ine ndinkadziwa. Kwathu pakati satchula pasanaoneke. Sauza mnansi, sauza mlamu, nanji mnyamata wa tayi amene wakhala kuseri kwa tebulo. Amayi anga anandilangiza kuti chimene Mulungu akuumba mobisika usachiyalutse, ungachitaye. Ngakhale malemu bambo ako anali asanamve. Ndinalemba ayi. Ndinkati ndikukusunga.

Akanadziwa, akanandisiya ku Nsipe. Ukanabadwira pansi, ukanakhala wamfupi, wamiyendo yonenepa, wa zipsera m'mawondo.

Ukanyamuka m'malere muja umaoneka bwino, mwana wanga, kuposa aliyense amene ndinasewera naye. Ndimaona kutalika kwa mafupa ako n'kukumbukira cholembera chija, mseru n'kundigwira. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuimba kutsogolo kwa mpingo, ndipo tchimo ili sindinaliulule kwa munthu. Ndinkati ndikakufikitsa kwathu ukaime padothi, lifafanizika.

Ndachokera kuofesi. Ndafufutitsa mipando yonse iwiri.

Zione anatembenuka n'kundiyang'ana.

Ndiye munanama papepala, inu a kwaya?
Ndinanama.
Mai Fanesi akudziwa?
Ndikawauza mawa.
Akakusekani.
Andiseke.

Anatulutsa mwendo m'bulangete n'kuuika pamiyendo panga. Unali wopepuka ngati wa mwanapiye.

Sisitani apa, amayi. Ndi pamene ndinagwera.