Nkhunda Zaulere za Zeinhom

Nagat anakwera padenga ndi beseni la zochapa n'kupeza kuli zii. Khola la nkhunda, limene linkasokosa m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu, linali losatseka, losesedwa bwino, lopanda ngakhale nthenga imodzi. Mwamuna wake, Zeinhom, anali atakhala pa chitini, atameta ndevu, akungoyang'ana madenga a mzinda wa Damanhour.

"Bambo a Samiha, nkhunda zili kuti?"

"Ndagawira anzanga. Zinanditopetsa." Anamwetulira. "Ndisanaiwale, mapepala a nyumba ndaika m'kabati, pansi pa mabulangete. Mudzamuuze Samiha."

"Bwanji osamuuza nokha?"

Zeinhom anabwezera maso ku madenga aja.

Chichokereni pamene fakitale yoluka nsalu inamuchotsa ntchito, miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, munthuyu anali asanamwetulirepo. Mkazi wina akanathokoza Mulungu poona mano aja. Koma Nagat anakumbukira za Mursi. Chaka chatha, pa maliro a Mursi kalipentala, amuna panja pa mzikiti ankanena kuti anali matenda a mtima. Kukhitchini, kumene amayi amalira mosabisa, mkazi wa malemuyo anaulula zoona: Mursi anadzipha. Sabata yake yomaliza anagawa zipangizo zake zonse, akumwetulira chonchi.

Nagat anasiya beseni, n'kuitana mwana wawo Samiha, amene anabwera kudzacheza kuchokera kubanja kwake.

"Khala ndi bambo ako. Asakutume madzi, asakutume fodya. Usawachoke mpaka ndibwere."

Anavala mpango n'kulunjika ku tiyirumu ya a Haji Gaber. Mumsewu umenewo mkazi akavutika amagogoda kwa mnzake, amalira mpaka tiyi kuzizira, mawa lake amaperekezedwa kuchipatala. Mwamuna anapatsidwa mawu amodzi okha, "Alhamdulillah", kutanthauza kuti Mulungu atamandike, ndipo amayenera kufa nawo m'kamwa. Kenako timapukusa mitu kumanda, kudabwa kuti bwanji odzichotsa moyo ambiri amakhala amuna!

Mkazi salowa mu tiyirumu ya a Haji Gaber. Nagat analowa. Madomino anasiya kulira patebulo.

"Mayi a Samiha, mwasochera?" anatero a Haji. "Msika wa tomato uli uko."

Amuna anaseka.

"Ndabwera kudzaona anthu amwayi. Ndani walandira nkhunda za amuna anga?"

Anayang'anana. Shehata wometa tsitsi, mnzake wa Zeinhom kuyambira ali ana, anakweza kapu yake monyadira.

"Ine ndapata makumi awiri, mlamu, pamodzi ndi yakuda ija ya khosi loyera. Sitinabe ayi. Watipatsa yekha."

"Yakuda ija munaifuna zaka zingati, a Shehata?"

"Zisanu ndi chimodzi. Ndinalonjeza kumumeta ulere mpaka imfa, anakana."

"Ndiye munthu amene anakukanizani zaka zonsezo akubweretserani pakhomo, mu dengu, pamodzi ndi thumba la chimanga. Inu simunafunse chilichonse?"

"Mphatso safunsa, mlamu."

"Inu nonse muno mumaweta nkhunda. Nkhunda ya mnzanu ikangotera pakhola panu mumaitsekera, simubweza ngakhale shehe atakupemphani. Ndiuzeni, munaonapo woweta nkhunda akugawa khola lonse ali ndi maganizo oona mawa?"

A Haji anapukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Mayi, musatiphunzitse za amuna. Zeinhom ali bwino. Tsiku lililonse timamufunsa, amati Alhamdulillah. Ntchito imatha, si iye woyamba. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu wa Mursi unali waukulu bwanji, a Haji?"

"Mursi unali mtima."

"Bodza! Ndipo mukudziwa kuti ndi bodza. Sowo yake ili kunyumba kwanu. Nyundo yake ili kwa a Fathi apa. Munalandira, munathokoza, patatha masiku asanu munanyamula maliro ake. Lero mwalandira nkhunda. Mukudikira chiyani, mpunga wa pamaliro?"

"Mlomo, mayi! Zimenezo sizitchulidwa."

"N'chifukwa chake mumakwirirana musanakalambe. Mumakhala muno kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mumadziwa amene wagoletsa chigoli ku Cairo, mumadziwa mtengo wa nkhosa, koma mnzanu wa tebulo limodzi akuwola m'kati simukumva fungo."

Munalibenso woseka. Shehata anali ataika kapu pansi, akuyang'ana zala zake.

"Masabata awiri apitawo ndinkamumeta," anatero motsitsa mawu. "Anati, 'Shehata, ndangosanduka katundu m'nyumba mwanga. Bwenzi apabanja panga akupuma ndikanapanda kukhalapo.'"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati, 'Iwe khala mwamuna, usandinyowetsere thaulo.' Anaseka. Ndinkayesa nthabwala."

Nagat anafuna kumugenda ndi kapu yomweyo, ndipo palibe akanamuimba mlandu.

"Kwa ine sanganene, amachita manyazi chifukwa akudya za makina anga osokera. Anasankha inu. Inu munamupatsa thaulo."

Anatuluka osatsanzika.

Nkhunda yoleredwa pakhola limodzi siiwala kwawo. Ukaigula uyenera kuitsekera masabata angapo, apo ayi imabwerera. Madzulo a tsiku lomwelo, swala ya Asri itangotha ku mzikiti, Shehata anakwera padenga pake n'kutsekula khola. A Fathi nawo anatsekula, ndi ena awiri. Zeinhom anali akadali pa chitini chake, Samiha ali pambali, pamene mlengalenga munamveka phaphapha. Nkhunda zinazungulira kawiri n'kutera, yakuda ija patsogolo, zikuyenda uku ndi uku kufuna chakudya.

Zeinhom anaimirira mokwiya.

"Chitsiru chanji chatsekula khola tsiku loyamba?"

"Chitsiru chake ndine," anayankha Shehata, akutulukira pa masitepe ndi thumba la chimanga paphewa, wefuwefu. Analiponya pansi. "Zidyetse wekha. Ine sindizifuna."

"Mphatso sabweza."

"Iyi ndabweza." Shehata anakhala pansi pafumbi, ndi malaya ake oyera. Anatsokomola, anayang'ana kumbali, kenako analimba mtima. "Zeinhom, ndikufunsa, ndipo ukati Alhamdulillah ndikumenya. Ukuganiza zodzipha?"

Nagat, ali pakhomo la masitepe, anagwira mkono wa Samiha. Mawu amenewo anali asanatchulidwepo mokweza mumsewu wonsewo.

Zeinhom anayang'ana pansi. Anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anakhala pansi n'kulira, kulira koipa kwa munthu amene sanazolowere. Milomo ya Shehata inayamba kuumba mawu aja a masiku onse, akuti mwamuna salira. Anakumana ndi diso la Nagat, n'kuwameza. Anangosendera pafupi, phewa kukhudza phewa, n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa kulowa.

A Haji Gaber sanabweze ziwiri zimene analandira. Anati zamkhutu za akazi sangazitayire nkhunda zabwino.

M'mawa mwake Shehata sanatsekule shopu. Anabwera kudzatenga mnzake kuti apite kuchipatala kukaonana ndi dokotala wa za maganizo. Atatuluka pakhomo, onse awiri anakhotera kukanjira kakuseri, kolambalala tiyirumu.

Nagat anatulutsa mutu pawindo.

"Inu! Mwaba chiyani? Dzerani kumsewu waukulu!"

Amuna awiriwo anaima n'kuyang'anana. Zeinhom anakonza kolala ya malaya ake, ndipo anabwerera. Anadutsa pamaso pa tiyirumu pang'onopang'ono, amuna onse akuwayang'ana. A Fathi anasiya madomino awo patebulo n'kuwatsatira.