Wolozera Njira Waulere

Intaneti ya mulaibulale inkachedwa kwambiri, choncho woyang'anira laibulaleyo anaitana mwana wake wamkazi, katswiri wa makompyuta, kuti adzaione.

"Mnzanga wandipatsa manambala awa," anatero bamboyo, akumuonetsa kapepala. "Akuti ndi DNS yaulere, yothamanga ngati mphepo."

Mwanayo anapukusa mutu. "Bambo, munthu akalemba dzina la webusaiti, kompyuta imayamba yafunsa njira kwa DNS. Ndiye wolozera njirayo amadziwa kumene aliyense akupita. Kodi ameneyu mukumudziwa?"

Bamboyo anayang'ana pakona, pomwe mayi wina anali atatchinga sikirini ndi chikwama chake. Anthu ankabwera muno kudzafufuza za matenda awo, za maloya othetsa mabanja, zinthu zoti sangazitchule kunyumba.

"Sindikumudziwa," anavomera, n'kupinda kapepalako.

Masana onse mwanayo anagwada kunsi kwa desiki, akukonza kompyuta yakale ya muofesi kuti izilozera njira yokha, osasunga za munthu aliyense.

Mawa lake intaneti inkathamanga. Mlembi wa palaibulalepo atafunsa amene waikonza, bamboyo anaiwala lamulo lake lomwe loletsa phokoso.

"Mwana wanga wachisamba ameneyo!" anakuwa, mpaka owerenga onse anatembenuka.