Kabureta ya Malemu

"Mukuimva mmene ikulirira, achemwali?" anatero mwana wamwamuna, mutu uli m'boneti ya pikapu ya malemu bambo ake. "Yangoima, koma ikulira ngati ikukwera phiri. Ikungomwa petulo."

Panali patapita masiku asanu chiikireni maliro. Mlongo wake wamkulu anaima pambali atapinda manja. Iye anali atagamula kale kuti pikapuyo igulitsidwe ndipo mayi awo akakhale kwa iye, popeza msika ndi chipatala zinali kutali, ndipo woyendetsa wake anali atamwalira.

"Makaniko wa zaka makumi atatu kusiya kabureta chonchi!" anadabwa mwanayo, amene ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo akewo. Anapotokola pang'onopang'ono kasikuluu kena ka pa kabureta, chipangizo chopereka petulo ku injini, mpaka injini inatsitsa mawu.

Mayi awo anatuluka m'nyumba atavala nsapato zopanda chidendene.

"Ine sindisamuka pano. Ndiziyendetsa ndekha."

"Amayi, inuyo? Ndi njinga yomwe simunakwerepo!" anatero mwana wamkaziyo.

"Anandiphunzitsa bambo ako. Kuyambira tsiku limene adokotala anawauza za matenda awo a mtima, masana alionse tinkapita kubwalo la mpira."

Mwana wamkaziyo anapukusa mutu. "Chabwino. Muitulutse pageti. Mukatero nditseka pakamwa."

Mayiwo anakhala pampando, n'kulowetsa giya. Atangoyamba kukweza phazi pa kilatchi, galimoto inanjanja n'kuzima. Anayesanso. Inazimanso. Itazimanso kachitatu, anachotsa manja pa chiwongolero.

"Sinkandichita chonchi," anatero motsitsa mawu. "Kapena ndinkatha chifukwa anali pambali panga."

"Basi, amayi, tsikani," anatero mwana wamkaziyo, tsopano mwachifundo. "Si mlandu."

Mwana wamwamuna uja anasuzumira pawindo.

"Amayi, mukamanyamuka, mafuta mumaponda nthawi yanji?"

"Ndimachedwa, mwanawe. Bondo lamanjali silimva zanga. Koma bambo ako ankati ndisadandaule, galimoto iyi ndi yaulemu, imadikira akuluakulu."

Mwanayo anathamangira kutsogolo kwa galimoto. Anatsegulanso boneti, napukuta kasikuluu kaja ndi nsonga ya malaya ake. Pansi pa fumbi panaoneka kadontho ka penti yoyera pamutu pa sikuluu, ndi kena pa kabureta. Timadontho tiwirito tinali titasiyana, ndipo amene anatisiyanitsa anali iye.

"Achemwali, tabwerani muone."

Mlongo wakeyo anaweramira. "N'chiyani chimenechi?"

"Bambo sanalakwitse ayi. Anakweza injini dala kuti isamazime amayi akachedwa kuponda."

"Bambo omwe aja? Amene ankazimitsa injini pamtsetse kuti asunge petulo?"

"Omwewo."

Anabweza sikuluu mosamala mpaka timadontho tinayang'anana, natseka boneti.

"Yesaninso, amayi."

Injini inalira mokweza ngati poyamba. Mayiwo anakweza phazi. Pikapu inasuntha bwinobwino, inadutsa pageti, n'kukaima pamsewu ikulirabe.

Mwana wamkaziyo anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Nanga petulo yemwe ukuti ikumwayo?"

"Isiyeni imwe," anatero mchimwene wakeyo, akuponya sikuludiraiva m'bokosi la zipangizo.