Katani ya Zigamba

Dyson Kaliati kompyuta ankaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za ogula nandolo, zonsezo pa Phalombe pano zinkatuluka m'kashopu kake. Matenda ake anali amodzi, kufuna kutamidwa.

Bungwe lina linamupatsa ntchito yokonza positala yochenjeza anthu za kutumizirana zithunzi zamaliseche pa WhatsApp. Anamuuza kuti mawu achepe, zithunzi ndi mivi zilankhule zokha, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga amve. Dyson anajambula mabokosi anayi. Loyamba, mkazi akudzijambula ndi foni. Lachiwiri, akutumiza. Lachitatu, mafoni ambirimbiri ngati nyerere pa shuga. Lomaliza, mkazi uja wagwira kumutu akulira.

Ataiyang'ana anaona kuti ikungokhala ngati katuni ya ana. Ndiye anakumbukira chithunzi china chimene chinkazungulira m'gulu la amuna a pamsika, cha mkazi wosaoneka nkhope, amene palibe ankamudziwa. Anachiika m'bokosi loyamba n'kuphimba thupi lonse ndi inki yakuda bii. Kunangotsala za m'mbali, khoma ndi katani ya pawindo. Mumtima mwake anati wasamala zedi. Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Munthu wokulira konkuno, osadziwa kuti amayi akwathu amazindikirana ndi nsalu!

Kataniyo inali ya zigamba. Anaisoka pamanja mayi Rozaria a m'munsi mwa phiri la Michesi, ndi zidutswa za zitenje zawo zakale, n'kupatsa mpongozi wawo Eveles atakwatiwa ndi mwana wawo Noah. Katani yotero inalipo imodzi yokha.

Mapositala anamatidwa pamsika, pamjigo ndi pachigayo. Pachigayopo ndi pamene mayi Rozaria anatula dengu la chimanga n'kuima ngati chitsa, amayi anzawo akuyang'anizana.

M'mawa mwake Eveles analowa m'shopu ya Dyson, mwana kumbuyo, maso ali psuu.

"Ndikuthandizeni chiyani, achemwali?" anafunsa Dyson.

Eveles analoza positala imene Dyson anaimata monyadira pamwamba pa kompyuta. "Ndine wa m'bokosi loyambalo."

Dyson anayang'ananso positala ija. Kenako anayamba kuyankhula mothamanga, kuti nkhope sikuoneka, thupi anaphimba, dzina palibe.

"Ndamva, achimwene," anatero Eveles. "Chithunzicho ndinatumizira amuna anga. Ali ku Joni, ndipo anachita kupempha okha. Kwathu kulibe magetsi, foni ndinakasiya kotchajitsa. Bambo wotchajayo ndiye anaitsegula n'kuba chithunzicho."

"Ine sindinadziwe."

"Ndinkadziwa kuti chikuyenda. Ndinkangopemphera kuti chithere m'mafoni momwemo, poti amuna sayang'ana makatani. Apongozi anga alibe foni ya WhatsApp, sakadachiona mpaka kufa. Inu mwachita kuwapititsira kuchigayo."

Dyson anafunsa ngati Noah sangawafotokozere mayi ake. Eveles anaseka, kuseka kopweteka kumva.

"Apongozi awaimbira dzulo lomwelo. Mwamuna angavomere zimenezo kwa mayi ake omubereka? Akuti sakudziwapo kanthu. Ndiye apongozi akufunsa kuti ngati sindinatumizire mwana wawo, ndinatumizira ndani. Ankhoswe akumana Loweruka."

Mwana anayamba kulira kumbuyo, iye n'kumugwedeza osachotsa maso pa positala. Anayendetsa chala bokosi ndi bokosi, kutsatira mivi ija Dyson anaikongoletsa ndi mtundu wofiira.

"Ine ndilimo katatu," anatero. "Ndikujambula, ndikutumiza, ndikulira. Nanga wakuba uja ali bokosi liti? Amene ankagawana aja, nkhope zawo zili kuti? Mwangojambula mafoni, ngati amadzitumiza okha."

Apa Dyson manyazi anamugwira kwenikweni, pakuti m'gulu la pamsika lija nayenso analimo, ndipo chithunzicho anachisunga. Anaimirira, makiyi a njinga m'manja.

"Ndikamatula onse pompano, achemwali. Ndikonza ina, ndiwonjezera bokosi la wotchajayo. Ngati n'kotheka ndibwera Loweruka ndikanene ndekha kwa ankhoswe."

Madzi akatayika saoleka, koma Eveles sanamunyoze. Anangomangitsa mbereko ya mwana n'kutembenukira kukhomo.

"Bwerani ngati mungalimbe mtima," anatero. "Koma pachigayo musavutike kupitako, imeneyo apongozi anamatula okha, aisungira ankhoswe. Ndipo m'mawa uno anabwera kunyumba. Sanandipatse moni. Angomasula katani yawo pawindo n'kumapita."