Chinangwa Chowawa cha ku Mongue

M'chaka cha 1989, ana asanu ndi awiri a m'mudzi wina wa ku Mongue anadzuka miyendo itauma. Ankayenda monyang'ama, n'kumagwa. Anthu anati chitsime chathiridwa poizoni, ndipo zala zonse zinaloza Domingas, mayi amene mwamuna wake anatengedwa ndi zigawenga. Asilikali anakamutsekera ku Milange.

Deolinda, wa ku bungwe lofufuza matenda, anafika pa lole ya asilikali atafukata bokosi la timabotolo. Anayeza madziwo katatu osapezamo kanthu. Kenaka anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa chimene anawo ankadya. Yankho linali limodzi: chinangwa chowawa. Minda inali kutali, njira zoopsa, ndipo amayi ankakumba mothamanga, kusinja n'kuphika tsiku lomwelo osachiviika kuti poizoni wake achoke, poti ana anali kulira njala.

Atabwerera ku Milange, mkulu wa asilikali, Komandante Julião, anamukankhira pepala lolembalemba kale.

"Sainani apa, Kamarada Deolinda. Madzi anali ndi poizoni."

"Madzi alibe mlandu, a Komandante. Ndi chinangwa."

"Ndikauze anthu kuti mdani wawo ndi chakudya chawo? Akufuna wolakwa."

Deolinda sanatole cholembera. Ankadziwa za ena amene anatsutsana ndi ovala yunifolomu osaonekanso.

"Kuntchito kwathu timalemba zokhazo zimene tapeza," iye anatero motsitsa mawu. "Sititumikira mbali, timatumikira odwala. Ndikasaina, Domingas afa, chinangwa chidyedwabe, ndipo mwezi wamawa mudzawerenga ana makumi awiri. Ena adzakhala a asilikali anu."

Julião anang'amba pepalalo, koma anamupatsa masiku atatu okha kuti achoke m'bomalo.

Masiku atatuwo Deolinda anawathera pamtsinje ndi amayi a ku Mongue. Anawaonetsa kusenda chinangwa, kuviika mpaka chifewe, kenaka kuyanika padzuwa. Mayi wina anamugwira mkono.

"Ndiye kuti mwana wanga ndinamulumaza ndine?"

"Ayi, mayi. Inu munamupulumutsa ku njala. Yamulumaza ndi nkhondo."

Domingas anatulutsidwa, koma kumudzi sanabwerere. Anabereka mwana wake n'kuwoloka malire kupita ku Muloza. Mwa ana asanu ndi awiri aja, awiri anayambanso kuyenda ndi ndodo. Enawo anakula akukwawa. Deolinda anakwera lole ndi lipoti lake lolemba pamanja, ndipo analisunga pachifuwa ulendo wonse wa ku Mocuba kuti mvula isalinyowetse.