Malo a chithunzi cha a Muhidini

Ines anafika ku Cóbuè pa boti la asodzi, atakumbatira bokosi la zithunzi kuti lisanyowe. A Silvano anali atatsogola pa boti la injini, atanyamula kachikwama kawo basi. Onse awiri ankagwira ntchito ku kabungwe ka za chikhalidwe ku Metangula, koma a Silvano ankafuna aziitanidwa kuti a Dotolo, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Ankati digiri yawo ndi imene inawapatsa dzinalo.

Chionetsero chawo chinali cha zithunzi za mabanja amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera. Chaka ndi chaka chinkayenda kuchoka ku Metangula, kukwera ku Maniamba, kutsikira ku Lunho, n'kumalizira ku Cóbuè. Zithunzizo zinali zobwereka kwa eni ake. Ntchito ya Ines inali kuzilemba m'nkhokwe ya pa intaneti yotseguka kwa aliyense, momwe nyumba zosungira zinthu zakale zimalumikizira zolemba zawo. Mabungwe angapo anali atagwirizana kalembedwe kamodzi: chionetsero choyendayenda chizilembedwa kamodzi ngati kholo, malo alionse amene chaima akhale mwana wake, ndipo chithunzi chikhale ndi nambala imodzi kulikonse kumene chapita. Pamsonkhano wogwirizana zimenezi, a Silvano analankhula mpaka tiyi wa anthu kuzizira.

Ines akukhoma misomali m'chipinda chimene anabwereka, munalowa mayi Rehema, amene amachita geni ya usipa pakati pa Cóbuè ndi Likoma. Sanakhale pansi.

"Ndabwera kudzatenga chithunzi cha bambo anga, a Muhidini."

"Chalakwika n'chiyani, amayi?"

"Mchimwene wanga Ayoub waimba foni kuchokera ku Nkhotakota. Akuti wachipeza pa intaneti chili m'zionetsero zosiyanasiyana, chilichonse ndi nambala yake. Kwina mwawalemba kuti Muidine, kwina mwawatcha msodzi wosadziwika. Ife tinakubwerekani chimodzi. Zinazo munajambula liti, ndipo munapatsa yani? Bambo anga anaolotsa anthu nyanja iyi zipolopolo zikulira, lero akhale osadziwika?"

Ines anawapempha kuti adikire, n'kukwera pachulu kuseri kwa nyumba kumene netiweki ya ku Likoma imagwira. Anatsegula nkhokweyo. Zimene iye analemba zinali zitaphwasulidwa. Malo alionse anali atasandutsidwa chionetsero pachokha, chaka chilichonse chinanso, ndipo pamwamba pa chilichonse panali mawu omwewo: choyamba cha mtundu wake, wokonza Dotolo Silvano. Zithunzi zinali zitakoperedwa mothamanga, mayina a eni ake akugwera m'njira ngati chimanga cha m'thumba lobooka.

Anawapeza a Silvano pamthunzi wa mango akuyeserera mawu otsegulira.

"A Dotolo, ndinu munasintha zolemba zija?"

"Ndinangozikometsa. Iwe unabisa ntchito yathu yonse pansi pa mutu umodzi. Munthu wa kunja akayang'ana aziona kuti kuno tikugwira ntchito."

"Kalembedwe kamene mwaphwanyako si komwe munkaphunzitsa anzathu pamsonkhano paja?"

"Malamulo amenewo ndi a mabungwe aang'ono, mwana iwe." Anapukuta magalasi ndi tayi. "Mayiyo umufotokozere pang'onopang'ono. Anthu a kugombe zinthu za kompyuta zimawazunguza."

Ines anawayang'ana kuyambira ku nsapato zonyezimira zimene sizinapondepo matope a ku Lunho mpaka ku dontho la thukuta pachibwano. Anali atayenda nawo zaka zambiri, koma sanawaonepo atafunsa mwini chithunzi dzina lake. Anaona kuti mawu ake angowonongeka.

Anabwerera pachulu paja dzuwa likumuotcha pakhosi. Anaphatikiza zionetsero zabodzazo kukhala chimodzi, n'kubwezera malo alionse pansi pake, n'kupha manambala obwereza. A Muhidini anatsala ndi nambala imodzi ndi dzina lawo lolondola. Kenako anakaonetsa mayi Rehema pafoni, n'kuwauza zonse osabisa amene anachita.

Mayiwo anamubwezera foni ija.

"Iwe ndakumva, mwanangu. Koma mawa akalowamonso abwana akowo, udzakhala uli pachulu kuwalondera?"

Ines anamasula yekha chithunzicho pakhoma, n'kuchikulunga m'chitenje cha mayiwo. M'nkhokwe analembamo kuti chinaonetsedwa ku Metangula, ku Maniamba ndi ku Lunho, ndipo chabwerera kwa eni ake.

Mmawa wa tsiku lotsegulira, a Silvano anaona mpata pakhoma ndipo anadandaula kuti alendo aziti chiyani. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chithunzi chawo atavala mkanjo wa digiri, n'kuchipachika pa msomali womwewo, pakati pa mayi wobereka mwana m'bwato ndi banja loimirira pa bwinja la nyumba yawo.

"Ichinso uchilembe mu intanetimo," anatero.

"Tinagwirizana kulemba za anthu amene anathawa nkhondo, a Dotolo. Inu munathawira kuti?"

A Silvano anachita ngati sanamve, n'kupita pakhomo kukalandira alendo. Anthu analowa, ndipo Ines anamva nkhalamba ina ikufunsa mnzake ngati bambo wa chipewa cha makona anayiyo anafera ku Malawi komweko.