Mfundo ya a Mose

Pa doko lina kufupi ndi Lifuwu, a Mose ankadziwika ndi chinthu chimodzi basi, kumanga mfundo. Ukonde umene iwo asoka unkachita kuwola wokha, mfundo zili gwa. Tsoka lake, masiku ano anyamata akugula timaukonde topyapyala totchipa, tong'ambika lero n'kutaya mawa, ndiye wosoka maukonde amufunenso ndani? A Mose anangotsala ndi dzina, ndipo dzinalo ankalisamala kuposa denga la nyumba yawo lomwe linkadontha.

Mwana wawo wotsiriza, Tamanda, wa Folomu 3, anapanga kandege. Thupi lake linali la chiwale chokutidwa ndi pepala, ndipo injini yake inali chingwe cha mphira cholumikizidwa ndi mfundo imodzi. Ukapota pulopela, chozungulira cha kumphuno chija, mphirayo inkapotana. Ukasiya, inkabwerera yokha n'kuulutsa kandegeko. Loweruka kunali mpikisano wa masukulu ku Salima boma, ndipo wopambana yekha ndiye amene akanapita ku Lilongwe. Tamanda anali asanapondeko ku Lilongwe. Kwa miyezi itatu, nkhani yake pakhomo inali yomweyo.

Mphira ya mpikisano, osati legeni ya chubu cha njinga, inali imodzi yokha. Anamupatsa ndi Madamu Eveles, aphunzitsi ake a sayansi. Lachisanu masana Tamanda anakhala pakhonde n'kuimanga. Anainyowetsa ndi malovu, anamanga, anakoka pang'onopang'ono, kenako anawonjezera timfundo tiwiri kunsonga kuti yaikuluyo isapululuke. Atamaliza anaipaka gilisalini.

A Mose ankaonerera mtima ukuwawa. Mfundoyo inali yonyansa, yotupa ngati nkhupakupa yokhuta.

"Bweretsa kuno ndikukonzere," anatero. "Imeneyo ndi mfundo ya womanga nkhuni."

"Ayi Ababa, mphira si twayini. Umamanga usanaipake mafuta. Ukaipaka, basi, sumangansonso."

"Akutero ndani? Madamu ako aja, oti sanagwirepo ukonde?"

"Chonde Ababa, musaigwire."

Mawu amenewo anawabaya. Zaka makumi anayi akumanga mfundo, lero mwana wobala okha awaletse chingwe!

Loweruka m'mawa Tamanda anapita ku mjigo. A Mose anatsegula katoni yosungiramo kandegeko, anasolola mphira ija, anadula mfundo ya mwanayo ndi lezala n'kumanga yawo ya pa ukonde, yaing'ono, yosalala, yooneka bwino. Mphira inkaterera m'zala chifukwa cha gilisalini, koma anaikoka ndi mano mpaka inagwira. Anaibwezera m'malo mwake. Mfundo imakhala kumchira, mkati mwa pepala, choncho panalibe choonekera. Sanachite izi mwankhanza ayi. Ankangofuna kuti kandegeko pokafika ku Lilongwe kakhale ndi dzanja lawo, adzakhale ndi chonena pa doko.

Anavala jekete ya kutchalitchi n'kumuperekeza mwanayo. Pa bwalo la mpira panali ana a ku Chipoka, a ku Chinguluwe ndi makolo angapo a kwawo komwe. Tindege ta anzake tinkauluka pang'ono n'kugwa. Ka Tamanda, poyeserera, kankatha miniti yonse m'mwamba, ndipo aliyense wa ku sukulu kwake ankadziwa zimenezo. A Mose anadzikankhira kutsogolo, chifuwa chili patali.

Nthawi yake itakwana, Tamanda anayamba kupota uku akuwerenga chapansipansi. Madamu Eveles anamugwirira kumchira. Tamanda anadutsa mazana awiri, anadutsa atatu. Asanafike anayi, kunamveka kuti phwa! Mphira inakwapula mkati, inang'amba pepala lonse n'kuthyola chiwale pakati. Pulopela inagwera pa phazi la Tamanda. Ana a masukulu ena anafa nalo phwete.

Madamu Eveles anatola mphirayo n'kuiwongola. Sinaduke. Inali yathunthu, nsonga zake zili padera.

"Mfundo yapululuka," anatero mokweza ndi mwaukali. "Timfundo takunsonga tili kuti? Tamanda, ndinakuuza kangati? Wamanga ndani zimenezi?"

Tamanda analandira mphirayo. Anaona podula pa lezala. Anaona ndi mabala a mano, awiri otalikirana, monga analili mano a bambo ake. Anakweza maso. Pakati pa anthu onse aja anapeza nkhope ya a Mose, ndipo anaiyang'ana kanthawi ndithu.

"Ndine, Madamu," anayankha. "Ndinaiwala."

A Mose anatsegula pakamwa. Mawu anali pamlomo penipeni. Koma pambali pawo panaima makolo a ku Lifuwu, anthu oti madzulo omwewo nkhani akaifikitsa pa doko, yoti mfundo ya a Mose yapululuka pamaso pa tiana ta sukulu. Anatseka pakamwa n'kukonza kolala ya jekete.

Ku Lilongwe kunapita mtsikana wa ku Chipoka, amene kandege kake sikanathe ngakhale theka la miniti. Madamu Eveles sanamulankhule Tamanda njira yonse. M'minibasi mwanayo anafukata katoni ya zidutswa, maso ali pa windo. A Mose anadikira kuti awafunse, awakalipire kumene, kuti mwina apeze poyambira. Iye sanafunse kanthu. Atafika kunyumba anasonkhezera chiwale chija pa moto n'kuwaphikira tiyi.

Lolemba a Mose anakhala pa doko pansi pa mtengo wawo wa masiku onse, opanda ukonde woti asoke. Kamal, wogula nsomba wa pakamwa posatseka, anaimika njinga yake n'kufuula kuti onse amve.

"A Mose, tamva zoti mwana wanu mfundo yamukanika ku boma! Mwana wa inu amene? Simunamuphunzitse kodi?"

Asodzi anaseka, ndipo onse anatembenukira kwa iwo kudikira yankho. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, doko lonse linkafuna kumva za a Mose pa nkhani ya mfundo.

"Ndinamuuza kuti abweretse ndimukonzere," anatero a Mose. "Koma ana a masiku ano samva."

Tamanda ankadutsa kumbuyo kwawo ndi ndowa ya madzi pamutu. Anamva zonse. Sanacheuke, ndipo m'ndowamo simunatayike ngakhale dontho.